Amayi Asemetsa Kale Kachiboliboli Kanga

Wokondedwa Taiwo, mnzanga wa mimba imodzi,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kaduna, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Igbo-Ora mwana wanga Morenike wayamba kuyenda, akugwetsa chilichonse. Ine ndiye sindili bwino, ndipo ndatopa nako kukunamiza pa foni.

Kachotupa ka m'bere kaja ndinkati ndi mkaka woundana, si mkaka ayi. Apongozi anandithowa ndi madzi otentha mpaka khungu kusupuka, koma kanangokulirakulira. Kuchipatala ku Ibadan apeza kuti ndi khansa, ndipo ili m'mawere onse awiri. Onse awiri, Taiwo! Adokotala akuti awachotse msanga, apo ayi ifalikira.

Bambo a Morenike akukana. Akuti anakwatira mkazi, osati mwamuna mnzawo, bola tikapemphere kuphiri. Ndinawafunsa ngati akufuna mawere kapena mayi wa mwana wawo. Anangoliza njinga yamoto n'kumapita.

Koma andiswa mtima ndi amayi athu. Dzulo ndinawapeza akuphika nyemba zathu za mwambo wa mapasa zija. Pofunafuna mchere ndinavundukula dengu, n'kupezamo kachiboliboli katsopano, kovala mikanda, tsitsi loluka ngati langa. Ukudziwa kuti kotereka amasemetsa mmodzi wa mapasa akamwalira, kuti wotsalayo asamutsatire.

Amayi anagwa pansi n'kulira. Akuti wosemayo wakalamba, anaopa kuti angafe tsiku langa lisanafike, iwe n'kudzanditsatira. Akuti sangataye ana awiri. Ndiye kuti ineyo anditaya kale, ndili chiimire m'khitchini mwawo!

Ndili ndi mantha, m'bale wanga. Sindikufuna kufa, mwana wanga sanayambe n'komwe kunena kuti amayi. Opaleshoni ndivomera, bambo akewo afune asafune, koma sindingalowemo ndekha. Chonde kwera basi ubwere. Nawenso adzakuyeze, poti akuti matendawa amayenda m'magazi. Makani ako aja uwasiye komweko.

Ukafika udzawauze amayi kuti ndikadali moyo. Iwe mwina adzakumvera. Ine ndawauza, koma ndikamalankhula maso awo amangothawira kudengu.

Undiperekere moni kwa alamu, ana uwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa. Mulungu akusunge panjira.

Ndine mnzako wobadwa pambuyo pako,
Kehinde