Mahedifoni a Achimwene

Lolemba, 3 Juni

Uthenga wina wochokera ku kampani yotisungira tsamba la pa intaneti. Akuti anthu achuluka, seva yathu, kompyuta yosungira tsambalo, yachepa. Tikwere pa mtengo wapamwamba, apo ayi atseka mwezi ukatha. Ndauwerenga nditaima pa kauntala, kasitomala akudikira misomali yake. Ndamuyezera yopitirira. Abwana aona, angotembenukira kumbali. Bola akanandikalipira.

Tsambalo si langa, ndi la achimwene. Analiyambitsa asanadwale sitiroko, iwo ndi anzawo ochepa okonda mahedifoni. Pano anthu masauzande. Kukangana za zingwe. Kukangana ngati gitala akumveka wofunda kapena wozizira. Ine ndimangomva nyimbo basi. Koma chisiyireni ntchito achimwene, khadi yolipirira ndi yanga. Ndalama yakunja, mwezi ndi mwezi, ndipo yathu ikungogwa.

Kale ankadandaula kuti palibe wobwera. Walira mvula walira matope.

Lachinayi, 6 Juni

Ndawauza achimwene mmawa powasambitsa mkono. Wamanja uja, wakufa, wolemera ngati si wawo. Anangoyang'ana khoma.

Kachipinda kawo: bedi, tebulo, laputopu yong'aluka pakona, ndodo. Pa msomali mahedifoni awo amatabwa, aja anagula ndi malipiro awo oyamba mayi akulira kuti mwana wapenga. Amalemba ndi chala chimodzi chakumanzere. Ndime imodzi imawatengera theka la mmawa. Pa tsamba amawatcha a Makutu. Akayankha a Makutu mkangano watha. Palibe akudziwa kuti munthuyo satha kumanga batani la malaya.

Ndinati tiwauze zoona anthu a pa tsamba, asonkhe. Pakamwa pawo pokhota panavutika nthawi yaitali, ine kudikira ngati nthawi zonse.

“Kumeneko sandimvera chisoni.”

Anayi okha mawu a tsiku lonse, kuphatikizapo dzina langa. Avomera kachidziwitso kopempha thandizo, koma za matenda ayi.

Lamlungu, 9 Juni

Mvula yosayembekezeka, mu Juni. Beseni pakati pa chipinda chochezera, ndowa pafupi ndi bedi la ana. Denga lija lomwe tinati tikonza chaka chatha.

Bambo a ana atuluka kukayang'ana malata, abwera atanyowa. Samakweza mawu munthu ameneyu. Amangonena akupukuta mutu.

“Alamu anga tikuwasunga, palibe vuto. Koma anthu masauzande a mu foniwa, nawonso ndi ana athu?”

Akunena zoona. Ndi iwo amawanyamula achimwene kupita kuchimbudzi miyendo ikakana, sanadandaulepo. Khoma lathu ndi lopyapyala. Kuchipinda kuja kulemba kunasiya kaye, kenako kunayambiranso.

Nsapato za mwana wamkulu zabooka. Mafuta ophikira atsala pansi pa botolo.

Lachitatu, 12 Juni

Zosonkha. Ndinayang'ana pa nthawi yopuma, nditakhala pa matumba a simenti. Zala zoimika m'mwamba mazanamazana. Timitima tofiira. Otumiza ndalama, ndingawawerenge ndi manja awiriwa. Mphunzitsi wina wopuma watumiza kangachepe ndi kupepesa. Wina, amene dzulo lomwe amaonetsa mahedifoni a mtengo wa lendi yathu ya chaka, walemba kuti tisamukire kumalo aulere. Achimwene akuti tikatero zolemba za zaka zonsezi zitayika, pamodzi ndi za mnzawo woyambitsa naye amene anamwalira.

Madzulo mwini sitolo ina ya zamagetsi waimba. Mawu okoma ngati m'busa. Alipira seva chaka chathunthu, ife tingoika chikwangwani chake pamwamba. Mtima wanga phaa, kupepuka. Kenako kanthu kamodzi kakang'ono, akutero. Tichotse nkhani ija anthu akudandaula kuti anawagulitsa katundu wachinyengo.

Ndinalowa kuchipinda ndikumwetulira, ndikuti mwina. Achimwene anamenya tebulo ndi dzanja lamoyolo, kapu ya mankhwala mpaka pansi.

Ndinawakalipira. Ndinati ulemu wawowo ndine ndikuulipira. Ndinatola mapilisi mmodzimmodzi, iwo akundiyang'ana pamutu.

Loweruka, 22 Juni

Sindinalembe. Wamng'ono anadwala chifuwa, ku chipatala kawiri. Ndi achimwene timangolankhulana za madzi osamba ndi mankhwala.

Lero andikodola. Bokosi pa bedi, lomangidwa kale. Msomali uli wokha. Sindikudziwa anawatsitsa bwanji ndi dzanja limodzi, kuwapukuta, kukulunga chingwe bwinobwino chonchija. Mwina zinawatengera tsiku lonse ine ndili ku ntchito.

Ndinati ayi. Ndinati tipeza njira ina, ngakhale njirayo sindikuidziwa. Anatembenuzira laputopu kwa ine. Analemba kale: gulitsa pa tsamba pomwepo, pa dzina lachilendo, asadziwe kuti ndi anga. Mtengo anaikanso okha.

Ndalirira kubafa, mpopi uli wotsegula. Madzinso ndi ndalama.

Lolemba, 24 Juni

Wogula ndakumana naye pa malo omwetsera mafuta, pafupi ndi siteji ya basi. Bambo wa taye, galimoto yonunkhira bwino. Sanatsike. Anatsegula bokosi pa chiwongolero, kuvala, kutseka maso. Ine panja, dzuwa, yunifolomu ya fumbi la simenti.

Ananenerera. Akuti chikopa chatha mbali imodzi. Ndinatsitsa. Basi yanga inali itayamba kudzaza.

Powerenga ndalama anafunsa ngati ndimalowa pa tsamba kawirikawiri. Ndinati apo ndi apo.

“Mwaona a Makutu ayamba kupemphetsa? Anthu amenewa amadya bwino ndi masamba awa, mayi. Musamapusitsidwe.”

Anaseka. Inenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Mawu anali pakhosi pomwepa, onse: mkono, ndodo, chala chimodzi. Koma ndinawalonjeza achimwene kuti sindiulula.

Ndalipira mpaka Seputembala. Chotsala ndagula nsapato za wamkulu. Bambo a ana anaona msomali uja polowetsa achimwene kuchipinda. Atuluka, akhala pakhonde nthawi yaitali.

Lachisanu, 5 Julayi

Seva yatsopano ikuthamanga, anthu akuyamikira. Ena akuti mwaona, ndalama zinalipo. Olowa atsopano tsiku ndi tsiku. Aliyense wobwera, ine kuganiza za mtengo wa seva.

Achimwene samvera nyimbo masiku ano. Ndinawapatsa timahedifoni tanga ta foni, anatiika mu dilowa mwaulemu. Akudya pang'ono. Dzulo anagwa pofuna kufikira ndodo, chipumi chatupa.

Lero ndabwera msanga, magetsi anazima ku sitolo. Ndinawapeza atawerama pa laputopu, thukuta pamphuno. Ndinasuzumira. Wa taye uja waika chithunzi cha mahedifoni aja pa tebulo lake lagalasi. Akudzitama kuti anawapeza motchipa kwa mayi wina wosadziwa chimene wanyamula. Anthu akumuwombera m'manja. Pansi pake wafunsa: a Makutu, inu odziwa, ndiziwasamala bwanji?

Ndinati musamuyankhe galu ameneyo. Ndinafuna kutseka laputopu. Anaika chigongono.

Ndinakhala pa bedi kuwaonerera. Chilembo chimodzi, kupuma, chilembo china. Mwagula chinthu chabwino. Musawasiye padzuwa, thabwalo limang'aluka. Muziwavula ndi manja awiri. Chingwe chakumanzere musamachikoke, chimafuna

Chala chinaima pamenepo. Anayang'ana chithunzicho. Ine ndinayang'ana pansi, kenako ndinatuluka.

Akundiitana. Aka ndi kachitatu, dzina langa likuwakanika, ndipo ine ndakhala pano ndi cholembera, sindikudziwa kuti ndikalowa ndikawauza chiyani.