Tisakafikire kwa Amayi Kunyanja

Highfield, Salisbury
14 Okutobala 1956

Okondedwa achemwali anga a Katerina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mua kumeneko. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Munandilembera mu Julaye kuti watupa, kenaka munangoti zii. Ife kuno tili bwino, kupatula Lusiya amene akumera mano ndipo akutsegula m'mimba pang'ono. Kalatayi muwerenge nokha. Musawapatse alamu, ndikuwadziwa, amawerenga mofuula ngati ali m'tchalitchi.

Nkhani ndi yakuti tikubwera. Fakitale ya fodya kumene amagwira ntchito bambo a Justin itseka masabata atatu pa Khirisimasi, ndiye akuti tonse tibwere kumudzi ana adzaone nyanja. Justin wauza kale anzake kusukulu kuti akakwera bwato, ndipo Modesta akufuna kudziwa ngati nsomba zimaluma munthu wovala diresi. Ine ndikanayenera kukondwa kuposa onse, zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kwathu. Koma mtima wanga suli m'malo.

Chovuta ndi kofikira. Ine ndinati tikafikire kwa apongozi ku Golomoti monga tinachitira ulendo watha, kunyanja tidzangopita tsiku limodzi pa ngolo n'kubwerako. Bambo a Justin akuti ayi, ku Golomoti kulibe nyanja, tikatsikire sitima pa Mtakataka n'kulunjika kwa amayi kugombe, tikakhale konko masabata onse atatu.

Ndinawauza za udzudzu wa kumabango, kuti ana okulira m'tauni malungo sanawazolowere. Ndinawauza za likodzo, za ng'ona zapadooko paja, ndiponso kuti Lusiya atadwala, chipatala cha ku Mua chili kutali kwa munthu wapansi wobereka mwana. Ndinatchula ngakhale kwanu, kuti tikhoza kupanikizana m'nyumba mwanumo. Yankho lawo ndi limodzi, lakuti agula maneti awiri a udzudzu, ndipo ine ndemwe ndinakulira kunyanja komweko koma sindinafe.

Achemwali, zifukwa zimenezi ndi zoona, koma si zimene zikundidetsa nkhawa. Inu mukuwadziwa amuna angawa, a Laisoni. Chikwatirane sanagonepo kwa amayi masiku opitirira awiri. Ankati fungo la usipa limawapweteketsa mutu, ndipo akaona amalume akubwera ankapeza chochita kuseri kwa nyumba. Lero munthu yemweyo ndiye akuumirira kuti tikakhale kumeneko. Chawasintha n'chiyani?

Sabata yatha anandiuza kuti ndikamalongeza katundu ndisasiye makina anga osokera, mapoto onse, ndi mabulangete. Mabulangete, achemwali, kunyanja mu Disembala, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala pansi pa mtengo! Nditafunsa tsiku lobwerera kuti ndikawauze aphunzitsi a Justin, anati ndisavutike, sukulu zili ponseponse.

Mnzanga Naomi wa ku Ntcheu, amene tinkatunga naye madzi pa mpopi umodzi, anachoka chonchi chaka chatha. Mwamuna wake anamutengera kwawo kwa mkaziyo pa tchuthi. Tsiku lonyamuka anauza akuchikazi kuti ana atsale kaye ndi amayi awo apitidwe mphepo yakumudzi, adzabwera kudzawatenga. Mpaka lero. M'nyumba mwa Naomi mukuphika wina, ndimamuona tsiku ndi tsiku akuyanika zovala pa chingwe chomwecho.

Ndiye mwaona chifukwa chake ndikukana kunyanja. Mwamuna akakusiya pakhomo pa amayi ako, anthu amati sanalakwe, wangokubwezera kwa eni mbumba, ndipo amakwera sitima manja ali m'thumba. Koma pakhomo pa amayi awo sangandisiye osanena chifukwa. Apongozi angawafunse pamaso pa anthu, ndipo ankhoswe awo ali pafupi pomwepo.

Sindinawafunse maso ndi maso. Ndikuopa yankho lake. Mwinanso ndikungowanamizira munthu wosalakwa, pakuti sandimenya, sagona kunja, ndipo Loweruka lapitali anamubweretsera Modesta nsapato zofiira. Mwina makinawo akufuna ndikawasokere amayi malaya. Tsiku lina ndimadziseka ndekha, tsiku lina ndimakumbukiranso Naomi. Ndikayang'ana ana atatuwa, ndimadzifunsa kuti kugombe kuja ndikawalera ndi chiyani, poti Justin wayamba kale kuwerenga bwino ndipo kwa amayi sukulu ili kutali.

Pempho langa ndi ili. Pitani ku Golomoti ngati mukungokawaona apongozi. Pocheza muwatsine khutu kuti mwana wawo akubwera ndi adzukulu pa Khirisimasi. Muwalimbikitse azire nyumba yaing'ono ija, ndipo apeze wowalembera kalata yonena kuti akutidikira ndipo akonza kale pogona. Bambo a Justin amakanira aliyense, koma amayi awo sawakanira. Chitani msanga, makalata amachedwa panjira. Musatchule kuti ndakutumani ndine.

Amayi musawauze chilichonse. Akamva kuti ndikuzemba kufikira pakhomo pawo adzalira, ndipo mawa lake amalume adzakhala atamva zonse. Ana adzaiona nyanjayo ndithu, ndidzapita nawo ndekha kukawaonetsa agogo awo, koma dzuwa lisanalowe tidzakhala tili panjira yobwerera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amayi, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Mtakataka, ndi kwa ana anu onse. Justin akuti muwauze abale ake amusungire mbedza.

Munandilembera kuti amayi akufuna kubwereketsa munda wanga wa mpunga wa kudambo uja poti palibe woulima. Pezani chonena chilichonse, koma chaka chino asaupereke kwa munthu. Ndipo mbewu mundisungireko pang'ono.

Tsalani ndi Mulungu, mundikumbukire pa Misa.

Ndine mng'ono wanu,
Fainesi