Bokosi Linzake Lili Kuno

Okondedwa asuweni a Arlene,

Kuno ku Valdres tili bwino, chisanu chatha ndipo nkhosa zayamba kuswa. Ndalandira chithunzi cha bokosi limene agogo anu a Torleiv anapita nalo ku Dakota kukatsegula munda. Mwati anachoka kuno asanakwatire.

Amuna anga atachiona anaseka. "Iwe Ragna, anthu a ku Amerikawa atibera bokosi la mabulangete lija?"

N'lofananadi, maluwa ake omwewo, chaka chomwecho. Koma lathuli linalembedwa dzina la Gunhild, bwenzi la Torleiv, ndipo silinakwerepo sitima. Gunhildyo ndiye anabereka agogo anga chaka chomwe chija. Amayi ankati zovala zake zaulendo zinakhala zopindidwa m'menemo mpaka anamwalira.

Buku la mbiri ya banja mukulembalo musathamange nalo kosindikiza. Mubwere kaye mudzaone bokosili.

Ndine msuweni wanu, mwina kuposerapo,
Ragna