Bulangete Lonyowa pa Waya

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Ife kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija layambanso, koma lero sindikulimva n'komwe. Achemwali, mwana wanu, wachisamba wathu uja, amutenga ntchito ya unamwino! Aimba foni dzulo masana kuchokera ku chipatala cha kwanuko. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni alamu anu amandilanda ndisanamalize mawu, ndipo nkhaniyi akaifotokoza iwo, woipa ndikhala ine.

Ndiyambire pa kompyuta munatitumizira ija. Achipatala atanena kuti mafunso a ntchito achitikira pa intaneti, moonana nkhope, komanso kuti munthu akadukiza pakati iwo amangoitana wotsatira, ine tulo tinandithera. Kompyutayo inkayenda ngati nkhalamba yokwera masitepe. Mukukumbukira dzina munandipatsa tili ana, a Nanga-Zikavuta? Mpaka lero silinandichoke.

Ndinainyamula kupita nayo kwa mayi wokonza mafoni, amene sitolo yawo ili pansi pa chipinda chathu. Anafufuta zonse zakale n'kuikamo pulogalamu yotchedwa Linux. Anati ndi yaulere, amaikonza anthu ambiri mothandizana, ndipo aliyense wofuna akhoza kusuzumira m'kati mwake. Ine ndinati, “Chinthu chaulere chikafa, tikadandaula kwa ndani?”

Iwo anati, “Kwa ine, atelala. Khalani pansi ndikuonetseni kanthu kamene anapangira anthu a mtima ngati wanu.”

Pakona pa kompyuta pali kachizindikiro kakang'ono. Ukakadina pamatuluka maina a netiweki. Pamwamba pamakhala ya waya, m'munsi mwake ma wayifayi a msewu wathu wonse, aliyense ndi timizere tosonyeza mphamvu yake. Ukalowa m'kati, netiweki iliyonse ili ndi tsamba lake: pamene umalemba pasiwedi, kabokosi kochonga kuti izilumikiza yokha, ndi malo a nambala. Mayiwo anandifotokozera kuti waya ukakhala wolowetsa, kompyuta imayendera wayawo. Ukazuka, imadumphira yokha pa wayifayi. Ma wayifayi akakhala awiri, imasankha wa nambala yaikulu, ndipo ameneyo akazima imapita kwa mnzake.

Achemwali, ndinamva ngati ndapeza m'bale. Ndiye kuti kwinakwake kuli munthu amene amagona akudzifunsa kuti nanga zikavuta, koma iyeyo m'malo mongodwala nazo mutu anakhala pansi n'kupanga kabokosi. Ine amene sukulu ndinaisiyira panjira, ndinachonga ndekha ndi chala changa.

Tinakonza njira zitatu. Yoyamba inali waya wochokera m'sitolo ya mayiwo. Tinaukweza kudzera pakhonde lathu, ndinaumanga kolimba pakati pa nsanamira ziwiri kuti munthu asapunthwe nawo, kenako tinaulowetsa pazenera. Yachiwiri inali wayifayi wa wometa wa pafupi nafe. Ameneyo anandivuta.

“Atelala, pasiwedi yanga ngakhale mkazi wanga saidziwa.”

“Ineyo si mkazi wanu, ndipo nsalu imene mumafunditsa makasitomala ija yabooka pakhosi. Tsitsi limalowa anthu m'malaya.”

Anaiyang'ana nsaluyo, n'kundinong'oneza pasiwedi m'khutu. Ndinamusokera tsiku lomwelo. Njira yachitatu inali intaneti ya pa foni ya alamu anu, imene ndinaipatsa nambala yaing'ono.

Sabata yonseyo makina osokera anapuma. Ndinkazula waya n'kuyang'ana pakona, kachizindikiro n'kusintha. Kulowetsa, n'kubwerera. Kuzula, kulowetsa. Sindinatope nazo, zinkandikomera ngati mwana wapeza choseweretsa, mpaka kadzino kogwirira pulagi kanathyoka. Ndinangoikankhira m'malo mwake, inakhala. Mwana wanu amene amandilowetsera ulusi m'singano, poti maso anga masiku ano bowo saliona, anaika singano pansi n'kunena kuti, “Ababa, kodi mafunsowa akufunsa ine kapena waya?”

Tsikulo litakwana ndinadzuka ndi nkhawa yatsopano. Mwana akakhala patebulo, zenera limaoneka kumbuyo kwake, ndipo pazenerapo pamaoneka chingwe cha alamu anu choyanikapo zovala. Ndinaganiza kuti nanga madokotala akaona kabudula wanga akuuluka kumbuyo kwa namwino? Ndinamasula chingwecho n'kuchibisa pansi pa bedi, osauza munthu. Kenako ndinapempha alamu anu kuti adikire panja, chifukwa iwo akachita mantha amatsokomola. Ndinaiwala kuti akachita mantha kwambiri amachapa.

Mafunso anayamba. Ine ndinakhala pansi m'mbali mwa tebulo, pamene kamera sindiona koma ine ndikuona pakona paja. Pa kompyuta panali anthu atatu, wapakati bambo wa magalasi. Anafunsa za mwana wotentha thupi amene wafika akukomoka, ndipo wachisamba wathu anayamba kuyankha modekha, mwadongosolo, moti ndinadabwa kuti ameneyu ndinabala ine. Ali m'kati moyankha ndinangoona waya wakungika. Pulagi ija inazuka, inakwekwereka pansi, inakwera khoma n'kutulukira pazenera.

Nkhope zitatu zija zinauma. Bambo wa magalasi anatsala kukamwa kuli yasa. Pakona paja kachizindikiro kankangozungulira.

Pano ndilembe zoona, poti ndinu nokha ndingakuuzeni. Kakuzungulira choncho, mumtima mwanga munadutsa ganizo lakuti netiweki ikapanda kubwerera, mwanayu sachoka pakhomo pano. Silinakhalitse, koma ndinalimva bwinobwino, ndipo manyazi ake akadali nane. Ndisanameze n'komwe malovu, timizere tija tinayaka, dzina la wometa linaoneka. Bambo uja anatseka pakamwa n'kunena kuti, “Munaima pang'ono, koma pitirizani, tikukumvani.” Mwana anapitiriza pomwe anasiyira, osacheuka n'komwe.

Ndinatuluka chokwawa. Pakhonde ndinapeza bulangete lathu lalikulu lija, lonyowa, likudontha madzi, litapachikidwa pa waya wa intaneti. Alamu anu anali chiimire ndi beseni m'manja.

Ndinanong'ona kuti, “Amayi ake, mwatani?”

“Ndayanika.”

“Pa waya?”

“Changa chili kuti? Ndapeza chingwe chomangidwa bwino, ndayanika. Mukanandisiyira changa, chanu sindikanachikhudza.”

Nditasuzumira pansi ndinaona wometa ataima pakhomo pake, wailesi atazimitsa, mafoni a makasitomala onse atawasonkhanitsa pampando kuti asadye netiweki. Kumbuyo kwake kunali bambo wina mutu wometedwa mbali imodzi, akudikira. Wometayo anakweza chala chachikulu mondifunsa, ine ndinamukwezera changa, ndipo bambo wa theka la mutu uja anakwezanso chake.

Mafunso atatha tinamuuza mwana zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi. Mayi wokonza mafoni aika pulagi yatsopano, ndipo andiletsa kuigwira. Chingwe cha alamu anu ndabweza.

Tsono Achemwali, zopempha zanga ndi izi. Mwanayu adzafika kumapeto kwa mwezi uno, ndipo chonde mukamuchingamire nokha podikirira basi, poti katundu ndi wambiri ndipo iye akasochera safunsa. Amati samva kuzizira, musamukhulupirire. Akakhala chete kwambiri ndiye kuti ali ndi njala. Ndamusokera diresi la thumba lam'kati, mumukumbutse kuti foni azisunga m'menemo. Kompyuta akuti itsale kuno kuti tiziyankhulana Lamlungu lililonse. Kunoko njira zitatu zija zilipo, wometa wati pasiwedi sasintha. Koma nanga kwanuko? Mundilembere ngati muli ndi waya kapena wayifayi yekha, ndipo ngati pali woyandikana naye wa mtima wabwino, muyambe kumupatsa moni kuyambira pano.

Zimene ndalemba za ganizo lija musamuuze. Iye akudziwa kuti bambo ake anasangalala, ndipo ndi zoona, ndasangalala kwambiri, msewu wonse watopa nane.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu anu akuti moni, akutinso musakhulupirire zonse zimene ndalemba za bulangete. Mwini nkhani sanapereke moni chifukwa akuti adzabwera nawo yekha. Pamene ndikulemba pano wakhala pazenera, akundilowetsera ulusi m'masingano, woyera, wakuda, wofiira, n'kumawabaya pa kansalu mzere wonse kuti ndidzagwiritse ntchito iye atapita. Wandifunsa ngati akwanira. Ndamuuza kuti akwanira, ndipo funso langa lija ndalimeza.

Mundisungire mwanayo.

Ndine mlongo wanu,
Nanga-Zikavuta