Makalata a M'dirowa

Bambo a mwana,

Pepani, mkaka ndapsereza, poto ndamuviika m'madzi. Zili mbwee pabedipo ndamwaza ndine. Ndimafuna bolopeni yofiira m'dirowa, ndiye ndapezamo makalata anu a Chingerezi aja, a pachibwenzi. Koma inenso nkhanza. Tsamba lililonse ndinalichonga: apa mwanditchula ngati mwamuna, apo za dzulo mwalemba ngati za mawa. N'chifukwa chake munasiya kundilembera, eti?

Ndathamangira basi ya kochonga mayeso. Masabata atatu ndizikaona zolakwitsa zomwezi, koma za ana a eni, zosandisangalatsa ngati zanu. Poto mukweche, mwana asamaiwale juzi. Kalata imodzi ndatenga. Mundilembere ina, mulakwitse mmene mungathere. Sindichonga.

Ndine wanu,
mayi a mwana