Achule a m'Kanyerere Sakuliranso

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Ndine Tiwonge, uja munkati ndinayamba kulankhula ndisanamere mano.

Ndiyambe ndi zokoma. Pathupi paja munandisiya napo panabadwa mtsikana, ndipo tinamutcha Esinati, dzina lanu. Watenga mphuno yanu, watenganso kusafuna kudikira: phala likachedwa, mudzi wonse umadziwa. Panopa akuyenda, akuthamangitsa nkhuku. Mbuzi yanu yamawangamawanga inaswa awiri, mmodzi fisi anatenga. Njovu zinalowa m'mapira, tinazipirikitsa ndi zitini ndi utsi wa tsabola. Denga la khitchini ndinafolera ndekha, koma likudontha pomwe paja linkadontha inu mulipo.

Za chimanga ndiye ndikuchita manyazi. Nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Ndinabzala mochedwa, Amayi, chifukwa ndinkadikira achule.

Ndinu munatiphunzitsa. Mvula yoyamba ikagwa, ife tikuthamangira makasu, munkatibweza. "Khalani pansi inu. Achule a m'Kanyerere akayamba phokoso, ndiye kuti nthaka yakhuta." Ndipo simunabwerezepo kubzala. Chaka chotsatira maliro anu, achule analira ndithu, koma ochepa, ngati kwaya ya Lamulungu lamvula. Chaka chino mvula inagwa, anzathu anabzala, ine n'kumawaseka kuti abwereza. Madzulo aliwonse ndinkakhala pakhonde kutchera khutu kumtsinje. Kunali zii. Chimanga cha anzathu chinafika m'maondo ndikudikirabe, mpaka mwana wanu Wezi, mlongo wanga, atabwera kuchokera kumaenje anandipeza pomwepo. Anati, "Asisi, manje mudikira chani? Achule kulibe, anasila." Anayankhula atayang'ana pansi.

Maenjewo mukuwakumbukira, anayamba kukumbidwa kuphiri, kumutu kwa Kanyerere, inu muli m'chipatala ku Chama. Nthawi ija anali amuna owerengeka ofuna golide. Tsopano phiri lonse ndi maenje ndi milu ya miyala, ndipo dothi lonselo amatsukira mumtsinje mwathu. Poyamba madzi anasanduka ngati thobwa. Matope anakwirira dziwe lija munkavuulamo matemba ndi dengu m'chilimwe, moti lero mwana akhoza kuwoloka osanyowa kabudula. Tinadandaula, tinakwiya, palibe anatimva.

Kenaka madzi anayera. Anayera mbee, mpaka kuona mchenga wapansi. Azimayi anasangalala, inenso ndinatunga ndowa yodzaza. Ndili m'njira ndinakumbukira za kuchipatala kuja, mmene munkakanira madzi a pampope. Munkati akumveka msomali. Munkati madzi opanda ngakhale kambululu simuwakhulupirira, ndipo Wezi ankapalasa njinga kukubweretserani a m'Kanyerere m'kachigubu. Ndinatula ndowa, ndinalawa. Msomali weniweni, Amayi.

Ndinabwerera kumtsinje n'kuyamba kugudubuza miyala monga tinkachitira tili ana. Miyala yonse yachita dzimbiri ngati khasu logona panja. Pansi pake palibe nkhanu, palibe nkhono, palibe tizilombo tija tinkathawira uku ndi uku. Milamba inali itayandama kale mimba zili m'mwamba, ndipo ngakhale agalu anaikana. Kambalame kabuluu kaja kodya nsomba kanasamuka. Komabe za achule sindinade nkhawa. Ndinkati iwo amabisala m'matope, mvula ikadzagwa adzatuluka. Nzeru imeneyo ndi imene yandigoneka ndi njala.

Matewera a Esinati anayamba kutuluka achikasu pochapa, ndipo m'khosi mwake munatuluka zidzolo. Kunabwera mayi wa zaumoyo, wa ku Kabwe koma akugwira ntchito ku boma kuno. Anaviika kapepala m'madzi, kapepalako kanafiira. Anafotokoza kuti miyala yochokera pansi kwambiri ikakhala pamphepo ndi pamvula imatulutsa madzi owawasa, madziwo amasungunula zitsulo za m'miyalamo, ndiye kanthu kalikonse kopumira m'madzi kamafa. Anatchulanso mankhwala olemera, onyezimira ngati malata atsopano, amene amuna amagwirira golide. Akuti amenewo amakhala m'matope ngakhale anthu atasiya kukumba. Ndinafunsa kuti mtsinje udzachira liti. Anangoti, "Mami, mwana osamusambika umu, osamupatsa. Za kuchira sindingakunamizeni."

Wezi musamukwiyire kwambiri. Ine ndinamukalipira kale mokwanira tonse awiri. Akuti ngakhale iye atasiya kukumba, ena sasiya, ndipo sakunama. Koma kumanda kwanu safika. Amadzera njira yakumtunda.

Panopa madzi timatunga kumjigo wa kusukulu. Ndikanyamuka kukucha, mwana kumsana, ndimabwerako dzuwa litakwera, ndipo ndowa imodzi sikwanira kuphika, kuchapa ndi kumwetsa mbuzi. Ndatopa, Amayi. Ndikunena poyera chifukwa kwa inu sindinabisepo kanthu.

Mng'ono wanu wa ku Kambombo anandiitana mvula isanathe kuti ndikaone malo. Ali ndi munda wogona pafupi ndi dambo, ndipo chitsime chili pakhomo. Tikudya chakumadzulo, achule a m'dambomo anayamba. Esinati anataya mbatata n'kundikakamira, kulira ndi mantha, poti chikhalireni ndi nzeru sanamvepo phokoso lotero. Amayi aang'ono anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinalephera kuseka. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira bwinobwino.

Ndiye nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ndi iyi: tikusamuka. Tikamaliza kupuntha mapira, tinyamula katundu ndi mbuzi kupita ku Kambombo.

Chikundilemera n'chimene munapempha. Munakana manda a kumtunda kumene kuli bambo. Munati tikuikeni pansi pa msikizi, m'mbali mwa Kanyerere, kuti muzimva achule, muzidziwa kuti ana anu abzala. Tinachita monga munanenera. Tsopano ndikaganiza kuti mwagona pamenepo mukutchera khutu monga ndinkachitira ine pakhonde, mtima umandiwawa. Mwina kwa inu mvula ya chaka chino sinagwe. Ndimakulotani kawirikawiri mutaima pakhomo, khasu paphewa, mbewu m'kansalu, mukufunsa kuti, "Sanalirebe?" Simuoneka okwiya. Mumangodikira, inu amene simunkakonda kudikira. Ngakhale masana, ndikamadutsa pamsikizi paja, ndimapezeka ndikuyenda monyang'ama kuti ndisakusokonezeni kumvetsera.

Dzulo ndinakasesa pamanda panu. Ndinafuna kukuuzani pakamwa, koma mawu anakana, chifukwa mtsinje unali kuyenda pambali panga woyera bwino, wopanda kanthu kalikonse kogwedezeka m'kati mwake. N'chifukwa chake ndalemba.

Mundikhululukire, Amayi. Ndikanakhala ndekha ndikanapirira pano mpaka kudzagona pambali panu. Koma Esinati wamng'onoyu ayenera kumwa madzi, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhala inu mukanamunyamula kale, mukundinena kuti ndine wozengereza.

Chimanga chanu cha makolo chija chopachika pautsi ndachimasula, ndipita nacho. Ndikulonjeza kuti achule a ku Kambombo akadzayamba, ndidzabzala, ndipo m'mawa mwake ndidzakwera njinga, matope kaya asakhale matope, kubwera pansi pa msikizi kudzakuuzani. Mukadzapanda kundikhulupirira, ndidzagwada n'kulira ngati chule ndekha, monga munkachitira inu potiseketsa tikadwala. Anthu anene kuti ndapenga. Chaka ndi chaka ndizidzatero.

Mvula ya chaka chino inagwa, Amayi, ndipo yatha. Tulani khasu, mupume.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge