Mawa Akulemba Mayina ku Ntaja

Lachitatu, Okotobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima sunakhale pansi tsiku lonse.

Lero akwana masiku makumi awiri chimwalirireni bambo a Asiyatu. Mwanayu sanapitenso kusukulu, chifukwa ndi iwo ankamutenga pa njinga m'mawa uliwonse. Miyendo yake inapuwala ndi poliyo ali wa zaka zitatu.

Aphunzitsi ake anabwera masana kudzandiuza kuti mawa aboma akulemba mayina a olumala ku Ntaja. Wolembedwa adzalandira njinga yopalasa ndi manja, mwinanso malo kusukulu yogonera komweko. Koma akufuna mwana aonekere pamodzi ndi kholo lake, ndipo akachoka sabweranso chaka chino.

Ine ndili pa eda, nthawi yobindikira mkazi wamasiye pa Chisilamu. Ndapempha alamu anga, Che Saidi, kuti andilole kutuluka.

"Iyayi, alamu," atero. "Wamasiye satuluka miyezi yake isanakwane. Anthu adzati chiyani? Komanso achimwene ankakana zolembetsa mwana ngati wopemphetsa."

Zoona ankakana. Ankati, "Miyendo ya Asiyatu ndine." Koma miyendoyo tinaiika m'manda.

M'mabuku a malemu omwewo ndinawerenga kuti wamasiye akhoza kutuluka pakagwa vuto lenileni. Alamu safuna kumva.

Madzulo ano ndamupeza Asiyatu atavala masilipasi m'manja, akukwawa kulowera kumsewu. Akuti amayesa ngati angakafike yekha ku Ntaja.

Ndamutsuka mawondo. Ndatulutsa nsalu yomuberekera ndi khadi la chipani, poti wopanda khadilo salola kuti akwere basi. Allah andikhululukire, inunso bambo a Asiyatu mundikhululukire, koma basi yoyamba ikangomveka…